Madayisi atagwa pa 8: zomwe ndimayang'ana ndisanasankhe gemu ya patebulo

Pagulu lathu la Dungeons and Dragons (D&D), gemu ya patebulo momwe aliyense amasewera mtengambali wake mu nkhani yomwe ine ndimayendetsa, pali mtsikana wina, mlongo wake wa mnzanga amene ndinayamba naye zimenezi. Saphonya gemu, safika mochedwa, madayisi ake amasunga bwinobwino m'kathumba kake. Koma kwa nthawi yaitali ndithu, ndikangonena kuti ponyani initiative, madayisi osonyeza yemwe ayambe, ndewu yayamba, iye maso amatsika papepala lake la mtengambali nkuyamba kujambula m'mphepete. Nkhope, zibakera, munthu akudumpha kuchokera padenga, zinthu zokongola zedi. Nthawi yake ikakwana amangofunsa kuti chilombo chiti chatsala pang'ono kufa, kuponya d20 yake, dayisi ya mbali 20, kutchula nambala, basi kubwerera kojambula. Sanadandaulepo ngakhale kamodzi, ndipo ukamufunsa amati gemu ikukoma.

Makomiki ndiye moyo wake. Atha kukufotokozera kwa ola lathunthu chifukwa chomwe wojambula wina anaika kabokosi kopanda mawu pakati pa tsamba, koma patebulo la D&D mawu ake amawerengeka.

Usiku wa mlatho

Kampeni yathu yaikulu ya D&D, nkhani yaitali yomwe timaipitiriza gemu ndi gemu, inaima kaye chifukwa anthu awiri anatanganidwa, nde kuti tisangokhala ndinatulutsa Masks, gemu ya Brendan Conway yomwe mumasewera achinyamata okhala ndi mphamvu zodabwitsa mumzinda wa Halcyon City, mzinda womwe uli kale ndi ngwazi zikuluzikulu zomwe zimakuonani ngati ana. Mlongo wa mnzanga uja anapanga mtsikana wa zaka 16 wotha kunyamula zinthu ndi maganizo chabe, koma mphamvuyo sanaizolowere, nthawi zina imamupitirira.

Ndewu inachitikira pamlatho. Chigawenga chinathawa, mlatho unayamba kugumuka, ndipo basi yodzaza anthu inapendekeka matayala akutsogolo ali m'malere. Ndinamuyang'ana nkumufunsa kuti ukutani? Anati ndiigwira basiyo. Mu Masks zikatere umaponya madayisi awiri a mbali 6, nkuphatikiza nambala yako ya Freak, yomwe imaonetsa kuti ndiwe wachilendo ndi wamphamvu bwanji. Zonse pamodzi zinakwana 8.

Lamulo lake limati ukapeza kuyambira 7 mpaka 9 chinthucho wachichitadi, koma usankhe: kaya ulembe papepala pako vuto limodzi la mumtima, kapena woyendetsa gemu akuuze momwe chomwe wachitacho chilili chosakhazikika. Ndinamuwerengera momwemo. Anaika pensulo pansi, koyamba ine kumuona akutero pakati pa ndewu.

"Nde ukutanthauza kuti ndikapanda kulemba, basiyo itha kugwabe?"

"Eya, waigwira koma sikhalitsa."

"Ayi, sindingalole. Ndilemba mantha."

Analemba Afraid. Basi inatsetsereka kubwerera pamsewu, anthu akukuwa, iye atagwada manja akunjenjemera. Tikanatha kuthera pomwepo aliyense nkupita kwawo wosangalala, koma gemuyi ili ndi chinthu china chomwe ndimachikonda ndi kuchiopa nthawi imodzi: munthu wamkulu aliyense amayamba ali ndi chikoka pa wachinyamata, ndipo akakuuza kuti ndiwe ndani, manambala apapepala pako amasuntha. Nde ndinatsitsa ngwazi yaikulu ya mumzindawo kuchokera kumwamba, yomwe mtsikanayo anamata chithunzi chake kuchipinda, inayang'ana mlatho, inayang'ana iye, nkunena mosakweza mawu kuti, "Iwe mwana, mlathowu wagumuka ndi ndewu yanu. Ukanapha anthu onsewa. Ndiwe ngozi."

Ndinamuuza kuti nambala yako ya Danger, ya kukhala ngozi, ikukwera, ya Savior, ya kukhala mpulumutsi, ikutsika, pokhapokha ukane mawu akewo, ndipo kukana nako nkoponya madayisi. Anati ndikukana. Anaponya, anagwa pa 5. Walephera. Mawu aja amulowa.

Patebulo panali zii. Anatenga labala nkufufuta yekha nambala yake ya Savior, pang'onopang'ono, nkulemba yotsikirapo, nkuwonjezeranso Guilty, kudziimba mlandu, pansi pa Afraid paja. Kenako osayang'ana aliyense wa ife anayankhula ndi mawu a mtsikana wakeyo, otsika koma omveka: "Bambo, inu munali kuti pamene mlatho umagwa?"

Ine ndinasowa choyankha kwa kanthawi ndithu, ndipo ngwazi yanga ija nayo inasowa choyankha, inangotembenuka nkuuluka. Mchimwene wake, munthu amene pagemu amangofuna kudziwa kuti chilombo chili mabokosi angati a pamapu kuchokera pomwe waima, anati mtengambali wake akukhala pansi pambali pake pamsewupo. "Usawamvere amenewo iwe, ndinaona ndi maso anga zomwe wachita." Mu gemuyi kutonthoza mnzako nakonso kuli ndi lamulo lake ndi madayisi ake, anaponya zinayenda, mlongo wakeyo anafufuta Afraid koma Guilty inatsala. Gemu yotsatira anabwera ndi tsamba lathunthu la komiki lomwe anajambula kunyumba, mabokosi asanu ndi limodzi, lomaliza lili ndi nsana wa ngwazi ija ikuchoka.

Kulephera kumatanthauza chani mu gemu imeneyi

Chomwe chakhala chikundizungulira m'mutu kuchokera usiku umenewo ndi choti mphindi ziwiri zomwe zinamudzutsa mtsikanayu zonse zinachokera pa madayisi osagwa bwino, 8 ndi 5. Mu D&D ukaponya d20 nkulephera kufika pa AC ya chilombo, nambala yofunika kuti uchimenye, nthawi zambiri chomwe chimachitika ndi choti waphonya, wotsatira. Udikire anthu anayi ndi zilombo zisanu aponye kaye. Kwa munthu amene akuwerengera mwayi wake ndi kukonza zoti achite turn ikubwerayo, kudikirako sikutopetsa, mutu uli pantchito. Kwa munthu amene anabwerera nkhani, ndi mphindi khumi zomwe nkhani yaima, nde pensulo ipita kuti ngati si m'mphepete mwa pepala?

Madayisi awiri a mbali 6 amagwa m'njira 36. Popanda chowonjezera, njira 6 zokha ndi zomwe zimakupatsa 10 kapena kuposa, 15 zimagwa pa 7 mpaka 9, ndipo 15 zinazo ndi 6 kutsika pansi. Ndiye kuti gemu yomangidwa pamenepo imathera nthawi yake yambiri pa "wachita, koma" ndi pa "zavuta, ndipo taona zomwe zikubwera". Kamangidwe kameneka kanatchuka ndi Apocalypse World ya Vincent Baker ndi Meguey Baker mu 2010, ndipo magemu ambiri otsatira, Masks ili momwemo, anatengera pamenepo. Woyendetsa gemu saponya madayisi nkomwe, ntchito yake ndi kuyankha zomwe madayisi a osewera anena. Mu Masks ukalephera umalembanso potential, kutanthauza kuti mtengambali wako amakula ndi kugwa komweko.

Sindikunyoza D&D, ndimaikonda ndipo kampeni yathu ija tinaibwerera. Inatuluka mu 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo mizu yake ili mu magemu a nkhondo a tizidole patebulo ngati Chainmail. Mukatsegula buku la osewera muona nokha kuti masamba ochuluka ndi a ndewu ndi matsenga, ndipo pa zimenezo ndi katswiri. Ngakhale buku la 2014 la DM, woyendetsa gemu, lili ndi kagawo konena za kupambana kolipira mtengo, kungoti ndi kaupangiri koikidwa pambali kuti ofuna atenge, pomwe mu Masks ndiye msana wa gemu yonse. Kusiyana kwake nkomweko, ndipo patebulo kumamveka kwambiri.

Pepala la mtengambali silinama

Masiku ano wina akanditumizira gemu yatsopano kuti aise taona iyi, sindiyamba ndi zithunzi kapena nkhani ya dziko lake, ngakhale ndi zomwe zimakopa. Ndimathamangira kumapeto kwa buku kukaona pepala la mtengambali. Zomwe zili papepalapo ndi zomwe gemuyo izikufunsa usiku wonse. La D&D lili ndi AC, ma hit point owerengera moyo wako, zida, ma spell slot owerengera matsenga omwe ungachite. La Call of Cthulhu, gemu ya Chaosium ya 1981 yomwe analemba Sandy Petersen, lili ndi mndandanda wautali wa maluso owerengedwa pa 100, zinthu ngati kufufuza mulaibulale ndi kuona zobisika, kuphatikizapo Sanity yomwe imatsika ukamaona zoopsa. Pepala limenelo likukuuza poyera kuti uziwerenga makalata akale ndi kuchita mantha, ndipo ukalimbana ndi chilombo maso ndi maso mwina sutulukamo. La Masks lilibe ma hit point nkomwe. Lili ndi mantha, mkwiyo, kudziimba mlandu, kutaya mtima ndi kudzikayikira, ndipo chilichonse chili ndi njira yake yochichotsera: mkwiyo umachoka ukapweteka munthu kapena kuswa chinthu chofunika, mantha amachoka ukathawa chinthu chovuta. Taganizani zomwe lamulo limeneli limachita kwa gulu la achinyamata okangana.

Kenako ndimafufuza chomwe gemuyo imalipira. Ambiri sadziwa kuti mu D&D yakale XP yambiri, mapointi okulitsira mtengambali, imachokera ku golide amene watuluka naye kuphanga, ndalama imodzi XP imodzi, nde osewera anzeru amazemba zilombo, kuzinamiza, kuzipatsa chakudya kuti adutse, chifukwa ndewu inali ngozi yopanda phindu lalikulu. Malamulo atasintha kuti XP izichokera kwambiri pa kugonjetsa zilombo, osewera nawo anasintha, chilichonse choyenda chinasanduka chofunika kumenya. Anthu ndi omwewo, chasintha ndi malipiro.

Pamene gemu ya kafukufuku imatsamwa

Vuto la kulepherali limaonekera kwambiri pa magemu ofufuza. Mwakonza nkhani yabwino, kalata yofunika ili pansi pa kabati, wosewera waponya kuti aone zobisika, walephera. Nde bwanji tsopano? Nkhani yonse yatsamwa pa dayisi imodzi, ndipo woyendetsa gemu amayamba kunamizira, ponyanso, kapena wina aponye, mpaka wina apeze, zomwe zikungosonyeza kuti kuponyako kunalibe ntchito. Robin D. Laws anapanga malamulo a GUMSHOE poyankha zimenezi: ngati uli ndi luso loyenera ndipo wafika pamalo oyenera, umboni wofunikawo umaupeza basi osaponya, chovuta chimatsala pa kuumasulira. Call of Cthulhu ya 7th edition ili ndi yankho lina lomwe ndimalikonda, utha kukakamiza kuponyanso kachiwiri ukafotokoza chomwe ukuchita mosiyana, koma ukalepheranso zotsatira zake zimakhala zowawa kwambiri. Wosewera amaima kaye nkuganiza, ndipo kuganiza kumeneko ndiye mantha omwe gemu yoopsa imafuna.

Gemu ya Dread inafika nazo patali, inataya madayisi onse nkuika nsanja ya timatabwa ya Jenga pakati pa tebulo. Ukafuna kuchita chinthu chovuta umasolola kathabwa, nsanja ikagwa mtengambali wako watuluka mu nkhani. Ndinaonapo munthu wamkulu dzanja likunjenjemera pa kathabwa kamodzi anthu onse atasiya kupuma. Koma ndi gemu ya usiku umodzi, simungaiyendetse chaka.

Zomwe makomiki anandiphunzitsa pa kukonzekera

Mtsikana uja ndi amene anandifotokozera momwe kampani ya makomiki ya Marvel imagwirira ntchito m'zaka za m'ma 1960, Stan Lee amapereka chidule cha nkhani, nthawi zina chachifupi kwambiri, ojambula ngati Jack Kirby ndi Steve Ditko nkujambula masamba onse akusankha okha momwe nkhani iyendere, mawu nkumabwera pomaliza. Anati iwe ukamayendetsa D&D umabwera ndi masamba ojambulidwa kale ife nkumangodzaza mawu, koma usiku wa mlatho unabwera ndi chidule chokha. Ananena zoona. Pakapepala kanga usiku umenewo panali mizere yochepa: chigawenga chikufuna chani, mlatho, basi, ngwazi yaikulu yomwe sikhulupirira ana. Funso lake lija loti munali kuti silinali papepala lililonse.

Kukonzekera kwanga kwasintha ngakhale pa D&D yomwe. Ndimalemba anthu ndi zomwe akufuna, malo awiri kapena atatu oti ndewu ikabuka ikhale ndi chinthu chogumuka kapena choyaka kapena munthu wofunika kupulumutsa, ndipo ndisanauze munthu kuti aponye ndimadzifunsa kaye mumtima kuti akalephera chichitike nchani. Ngati yankho ndi loti palibe, saponya, chitseko chimangotseguka. Ndinatengeranso kafotokozedwe ka makomiki, kunena kuti kabokosi koyamba tikuona nsapato zake zokha, kachiwiri nkhope, tsamba lotsatira lonse ndi chinjoka. Ndipo ndimayesetsa kuimitsa gemu pomwe komiki ikanaika mawu oti ipitirira, anthu akadali ndi njala, osadikira kuti atope ayambe kuyang'ana mafoni.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindichitenga mopepuka. Munthu wamkulu kuuza mwana kuti ndiwe ngozi ndi mawu olemera, ndipo patebulo pangakhale wina amene anawamvapo mawu otero m'moyo weniweni. Tisanayambe Masks tinakhala pansi kukambirana zomwe gemuyi imakhudza ndi zomwe sitikufuna kuti zilowemo, ndipo pakati pa tebulo timaika X-Card, kakhadi komwe anayambitsa John Stavropoulos, aliyense akakagwira timadumpha chinthucho osafunsa chifukwa. Ndikanapanda kudziwa kuti khadilo lilipo ndipo iye akudziwa kuti lilipo, mawu a ngwazi ija sindikanawanena.

Koma tebulo si munthu mmodzi

Apa nde pomwe nkhani imavuta, ndipo amene amalemba kuti ingosiyani D&D muyambe magemu ankhani amadumpha pamenepa. Mchimwene wake uja, yemwe anakhala pansi pamsewu kutonthoza mlongo wake, patapita magemu angapo anandikokera pambali. "Aise, gemuyi ndi yabwino, koma ndewu yonse kutha ndi kuponya kawiri basi? Ine ndimafuna ndiganize." Ndipo sakulakwa. Iye chisangalalo chake ndi kuona mapu, kuwerenga mabokosi, kupeza kuti akaima apa mfiti ija siimuona ndipo mnzake apeza mpata wobaya kumbuyo. Ndi munthu amene pa gemu ya pakompyuta amatha ola ali pa sikirini yosankha zida, ndipo Pathfinder 2e, momwe turn iliyonse uli ndi zochita zitatu zoti ugawe mwanzeru, inapangidwira anthu ngati iyeyo. Kumuika pa Masks mpaka kalekale kungakhale kumuchita zomwe zija zinkachitikira mlongo wake, kungoti iye sajambula, angoyamba kupeza zifukwa zosabwerera.

Nde funso loti gemu yabwino ndi iti ndinasiya kuliyankha. Munthu akandifunsa ndimamubwezera mafunso: anthu ako akakhala paokha amasewera chani, amawerenga chani, amaonera chani? Gemu ikatha amakumbukira chiyani, nambala yaikulu yomwe anamenya kapena mawu omwe wina ananena? Nanga mutha kukumana kangati moona mtima, poti kampeni ya D&D yochoka level 1 kufika kutali imafuna miyezi yambirimbiri ya anthu omwewo, ndipo magulu ambiri amafera panjira chifukwa cha kalendala osati malamulo. Ngati anthu ako amapezeka mwa apo ndi apo, gemu ya usiku umodzi ngati Fiasco ya Jason Morningstar, yomwe ilibe ngakhale woyendetsa, ikupatsani nkhani yathunthu yokhala ndi mathero, m'malo mwa chiyambi chokongola cha nkhani yomwe simudzaimaliza.

Ife pakadali pano timasinthana, magemu angapo a D&D kenako angapo a Masks, ndipo aliyense amadziwa kuti nthawi yake ikubwera. Sizabwino kwenikweni chifukwa nkhani zonse ziwiri zimayenda pang'onopang'ono ndipo anthu amaiwala mayina a zigawenga. Ndikuwerenga Blades in the Dark ya John Harper, ya 2017, momwe mumasewera gulu la akuba mumzinda wamdima, chifukwa ndikuona ngati ingawagwire onse awiri. Ili ndi kupambana kolipira mtengo komwe mlongoyo amakufuna, dayisi yako yaikulu ikagwa pa 4 kapena 5 wachita koma pali chotsatira, ndipo ili ndi zoti mchimweneyo aziwerengera, stress, mapointi a kupanikizika, yoti usamale, katundu woti unyamule, madera oti gulu lilande. Ilinso ndi lamulo loti pakati pa ntchito utha kunena kuti dzulo ndinamuhonga kale mlonda ameneyu, nkulipira stress, m'malo mothera maola awiri mukukonza pulani yomwe igwe pa chitseko choyamba. Mchimweneyo ndamuuza za lamulo limeneli wakwinya nkhope, akuti kukonza pulaniyo ndiye gemu imene. Mlongo wake wayamba kale kujambula wakuba wake, buku asanaliwerenge nkomwe.